Paul Klee: Mmisiri wa Zojambula Amene Adaloŵa M'kalasi

Ku Hofwil, pafupi ndi mzinda wa Bern m'dziko la Switzerland, kudali sukulu yophunzitsa aphunzitsi yonga yathu ino. Kumeneko kunkaphunzitsa nyimbo Mjeremani wina, dzina lake Hans Klee, amene adagwira ntchitoyo zaka zoposa 50. Ndi anthu oŵerengeka amene akadakumbukira mphunzitsi ameneyu lero pakadapanda mwana wake Paul, wobadwa pa 18 Disembala 1879 m'mudzi wa Münchenbuchsee. Tasankha kulemba za moyo wa mwanayu chifukwa adakumana ndi funso limene ambiri a inu muli nalo mumtima ngakhale simulitchula: kodi munthu waluso akaloŵa uphunzitsi, luso lakelo limakula kapena limafera m'choko ndi m'mabuku okonzera maphunziro?

Nyumba imene Paul adakuliramo idali ya nyimbo. Mai ake, a Ida Frick, adaphunzira kuimba, ndipo mwanayo adamgwiritsa vayolini ali ndi zaka 7. Pofika zaka 11 adali atayamba kale kuimba pamodzi ndi akuluakulu m'gulu la oimba la mu Bern. Kujambula adamzoloŵeza ndi agogo ake aakazi. Ankajambula ndi dzanja lamanzere, nalemba ndi lamanja, ndipo adakhala wotero moyo wake wonse. Pano tiime pang'ono, pakuti tikudziŵa masukulu ena kumene mwana wamanzere amalandira rula pa zala mpaka atasintha. Mwanayu akadakumana ndi mphunzitsi wotere, sitidziŵa kuti tikadakhala tikulemba za yani.

Makolo ankayembekeza kuti adzakhala woimba, koma iye adaona kuti nyimbo zidafika kale pachimake m'masiku a Bach ndi Mozart, ndipo kuti iye sakadawonjezapo kanthu. M'chaka cha 1898 adapita ku Munich kukaphunzira zojambula, poyamba pa sukulu ya Heinrich Knirr, ndipo kuyambira 1900 pansi pa Franz von Stuck. Mzere adaugwira msanga. Chimene chidamkanika ndi utoto: kusakaniza mitundu ndi kuiika moyandikana kuti igwirizane. Vuto limeneli lidamtsata zaka zoposa khumi.

Kuyambira Okutobala 1901 mpaka Meyi 1902 adayendera dziko la Italy pamodzi ndi mnzake wosema, Hermann Haller. Adaona ntchito za amisiri akale ku Rome ndi ku Florence, koma m'malo momlimbitsa mtima zidamfooketsa, poona kuti kutsanzira anthu amenewo kungamsandutse mthunzi wao chabe. Chimene chidamkondweretsa kwenikweni adachipeza ku Naples, m'nyumba yosungiramo zamoyo za m'nyanja, kumene adayang'anitsitsa tizilombo toonekera mkati, tosadziŵika bwino ngati ndi nyama kapena maluŵa. Nsomba ndi zomera za pansi pa madzi zidadzabwera kaŵirikaŵiri m'zithunzi zake za m'tsogolo. Atabwerako adakhala kwa makolo ake zaka zinai, akuimba vayolini kuti apeze kangachepe, akuzokota zithunzi pa zitsulo zosindikizira ndiponso kukanda ndi singano pa galasi lodetsedwa.

Mu 1906 adakwatira Lily Stumpf, woimba piyano wa ku Munich, ndipo mwana wao mmodzi yekha, Felix, adabadwa chaka chotsatira. Makhalidwe a banja limeneli akadaseketsa anthu ambiri masiku amenewo, ndipo tikhulupirira kuti ena angaseke ngakhale lero. Wopeza ndalama adali mkazi, pophunzitsa piyano kuyambira m'maŵa mpaka madzulo. Mwamuna ndiye ankaphika, kusamala nyumba ndi kulera mwana. Chipinda chojambuliramo adalibe, kotero kuti zithunzi zake zambiri za zaka zimenezo adazijambulira kukhitchini, pakati pa miphika, ndipo zidali zazing'ono pakuti malo ake adali tebulo. Felix atadwala kwambiri mu 1909, bamboyo ndiye ankamyang'anira, nalemba tsiku ndi tsiku za kutentha kwa thupi lake ndi kakulidwe kake. Zithunzi sizinkagulidwa. Chionetsero chake choyamba cha yekha chidachitika ku Bern mu 1910, ali ndi zaka 30, ndipo sichidamlemeretse.

M'zaka zosoŵa zomwezi ndimo adayamba chizoloŵezi chimene ife timachiyesa chofunika kwa mphunzitsi aliyense. Mu 1911 adatsekula kaundula wa ntchito zake, momwe ankalembamo chithunzi chilichonse: chaka, nambala, dzina ndi zipangizo zimene adagwiritsa ntchito. Sadaleke kufikira imfa yake, ndipo nchifukwa chake tikudziŵa kuti adasiya ntchito zoposa 9,000. Chodabwitsa nchakuti pa masamba oyamba adalembapo zithunzi zina zimene adajambula ali kamwana, zimene zidasungika kwao. Munthu wophunzira kwa akatswiri a ku Munich adaziŵerengera zojambula za ubwana wake ngati ntchito zenizeni, pomwe zambiri zimene adachita ali kusukulu ya zaluso adazisiya kunja.

Maso ake sadagone. Adaona zithunzi za Vincent van Gogh mu 1908 ndi za Paul Cézanne mu 1909, pamene zidaonetsedwa ku Munich. Mu 1911 adadziŵana ndi Wassily Kandinsky, wa ku Russia, amene ankakhala mu mseu womwewo, ndipo adagwirizana ndi gulu la amisiri lotchedwa Der Blaue Reiter. Mu 1912 adapita ku Paris kukacheza ndi Robert Delaunay, amene ankamanga zithunzi ndi mitundu yokhayokha yoŵala. Chaka chomwecho adalemba m'magazini ina ya ku Switzerland kuti chiyambi cha luso chiyenera kufunidwa m'zojambula za ana, m'ntchito za odwala misala, ndi m'zinthu za mitundu ya anthu akutali zosungidwa m'nyumba za chionetsero. Maganizo ameneŵa adatsekula khomo kuti zojambula za ana zilemekezedwe, ndipo pa chimenecho tiyenera kumthokoza. Komabe sitingabise kuti mau akewo ali ndi chilema cha nthaŵi yake. Kuika msemi wa ku Africa kapena ku zilumba za Pacific m'dengu limodzi ndi mwana wa zaka zisanu ndiko kusadziŵa kuti msemiyo adaphunzira luso lake zaka zambiri kwa akulu, motsata malamulo okhwima. Amene adaonapo mmisiri akusema chigoba cha gule kapena mai akuumba mtsuko sangamutche munthu wongoyamba kumene.

Mu Epulo 1914 Klee adawoloka nyanja kupita ku Tunisia, dziko limene panthaŵiyo linkalamulidwa ndi Afalansa, pamodzi ndi anzake aŵiri, August Macke ndi Louis Moilliet. Adakhalako pafupifupi masabata aŵiri okha, akuyendera Tunis, Hammamet ndi Kairouan. Ulendo waufupi chotere ndiwo umatchulidwa koposa m'mbiri yake. Kumeneko adaona makoma oyera, madenga obulungira a mizikiti, minda, ndi kuŵala kwa dzuŵa kumene kumasintha mtundu wa khoma limodzi kangapo pa tsiku. Adatenga utoto wosungunula ndi madzi nayamba kuika timabwalo ta ngodya zinai moyandikana, kena kofiira, kena kachikasu, kena kobiriŵira, osayamba wajambula malire ndi pensulo monga ankachitira kale. Apa ndi apo ankaikapo ngamira kapena denga kuti woona adziŵe kumene ali. Ku Kairouan adalemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti nkhondo yake ndi utoto yatha, ndipo kuti tsopano akudziona ngati mmisiri weniweni. Adali ndi zaka 34. Ofufuza adapeza kuti bukulo adalikonzanso patapita zaka, motero nkutheka kuti tsikulo adalikometsa. Ife tiona kuti Tunisia sidampatse chinthu chogwa kumwamba. Adapitako atatha zaka zambiri akuyesa ndi kulephera kukhitchini kuja, atayang'anitsitsa Cézanne ndi Delaunay, ndipo nchifukwa chake masiku oŵerengeka adakwanira.

Patangopita miyezi yochepa nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka. Macke adaphedwa mu Seputembala 1914, ndipo mnzake wina wapamtima, Franz Marc, adafera pafupi ndi Verdun mu Malichi 1916. Mwezi womwewo Klee adaitanidwa ku usilikali, pakuti ngakhale adabadwira ku Switzerland adali nzika ya Germany potsata bambo ake. Mwai wake sadapite kumene kunkamenyedwa nkhondo. Adapaka utoto ndege, kenaka nkukhala kalaliki pa sukulu ya oyendetsa ndege ku Gersthofen, kumene ankatola zidutswa za nsalu ya mapiko a ndege zowonongeka nkumajambulapo. Nkhondo itatha dzina lake lidamveka, ndipo mu 1920 wogulitsa zithunzi Hans Goltz adaonetsa ntchito zake 362 ku Munich.

Kumapeto kwa 1920 adalandira lamya yochokera kwa Walter Gropius yomuitana kukaphunzitsa pa Bauhaus, sukulu yatsopano ya mumzinda wa Weimar imene cholinga chake chidali kugwirizanitsa luso la zojambula ndi ntchito zamanja. Adayamba mu Januwale 1921, ali ndi zaka 41, asadaphunzireko njira za kaphunzitsidwe. Pa sukuluyo chigawo chilichonse chidali ndi aphunzitsi aŵiri, wina wodziŵa zipangizo ndi wina woyang'anira maonekedwe. Klee adayang'anira chigawo chomanga mabuku, kenaka cha magalasi amitundumitundu, ndipo pambuyo pake adaphunzitsa owomba nsalu. Koma ntchito yake yaikulu idali maphunziro a chiyambi cha maonekedwe, amene ophunzira ongofika ankayenera kudutsamo.

Tsono munthu amene kwa zaka 20 ankagwira ntchito ali chete, motsogozedwa ndi diso ndi dzanja, adayenera kufotokoza ndi pakamwa zimene ankachita. Adachita chimene mphunzitsi wamantha koma wokhulupirika amachita: adakonzekera mopitirira muyeso. Maphunziro ake oyamba adaŵalemba onse, tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi zojambula zoti akaike pa bolodi ndi ntchito yoti akapatse ophunzira. Pa zaka khumi zolemba zimenezi zidakwana masamba pafupifupi 3,900, ndipo zilipo mpaka lero ku Zentrum Paul Klee, nyumba yosungira ntchito zake imene idatsekulidwa ku Bern mu 2005. Chidule chake chidasindikizidwa mu 1925 m'kabuku kotchedwa Pädagogisches Skizzenbuch, kachiŵiri pa mabuku a Bauhaus.

Nkoyenera kuti tione mmene phunziro lake linkayendera, popeza apa ndi pamene pali phindu lathu. Sankayamba ndi kuika mphika pa tebulo kuti ophunzira aujambule. Ankayamba ndi kadontho. Kadontho kakasuntha kamabala mzere, ndipo mzerewo ungathe kuyenda momasuka, mokhotakhota, wopanda kumene ukuthamangira, kapena ungathe kulumpha kuchoka pa mfundo ina kufika pa ina ngati munthu wotumidwa. Mzere ukabwerera pamene udayambira umatsekera malo, ndipo diso limaleka kuutsata nkuyamba kuona bwalo kapena chinthu cha ngodya zitatu. Kuchokera apo ankapita ku kubwereza: mizere yoima ndi yogona yopingasana, ngati bolodi la maseŵera a chesi, ndi mmene kusintha kamodzi kokha m'ndondomeko yobwerezabwereza kumakokera diso. Wina aliyense wa inu amene adayang'anapo mkeka kapena lichero likulukidwa adaona kale phunziro limeneli ndi maso, ndipo ana a Sitandade 3 angathe kulichita pa mchenga ndi kamtengo.

Zitsanzo zake ankazitenga kunja kwa zojambula. Pofuna kusonyeza kusiyana kwa chinthu choyambitsa, chinthu chopatsira ndi chinthu chongolandira, ankajambula ubongo, mnofu ndi fupa, kapena madzi, gudumu ndi nyundo ya pa chigayo cha madzi. Pophunzitsa kulingana kwa kulemera m'chithunzi ankajambula sikelo ndi munthu woyenda pa chingwe atagwira ndodo. Nguli, chinthu cholendeŵera pa chingwe, ndi muvi zidamthandiza kufotokoza kuyenda. Tsiku lina adatenga kachigawo ka nyimbo ya Bach nakasandutsa mizere, kuti ophunzira aone ndi maso mmene mau angapo amayendera pamodzi popanda kusokonezana. Ankatolanso masamba, zigoba za nkhono, ndere ndi miyala nkumazisunga m'chipinda chake, ndipo mu 1923 adalemba nkhani yolimbikitsa kuphunzira chilengedwe. Sankafuna kuti wophunzira akope maonekedwe a tsamba, koma kuti amvetse mmene mitsempha yake imagaŵikira kuchoka pa phesi, kuti pambuyo pake athe kupanga chinthu chake chomera mwa njira yomweyo. Polankhula ku Jena mu 1924 adayerekeza mmisiri ndi thunthu la mtengo, limene limalandira madzi kuchokera ku mizu nkuŵapereka ku nthambi, ndipo palibe amene amadandaula kuti nthambi sizikufanana ndi mizu.

Tisaganize kuti adali mphunzitsi wopanda chilema. Sadali wolankhula mokopa, ndipo ophunzira ena ankatuluka m'kalasi osatolapo kanthu, makamaka pamene maphunziro ake adayamba kudzaza ndi masamu a ngodya ndi mabwalo. Anni Albers, amene adadzakhala katswiri wotchuka wowomba nsalu, ankamlemekeza Klee koposa aphunzitsi ena onse, komabe adavomera kuti zambiri adaziphunzira poyang'ana zithunzi zake osati pomvera zokamba zake. Mfundo imeneyi tiisunge. Ophunzirawo ankakhulupirira za kadontho ndi mzere chifukwa ankadziŵa kuti mphunzitsi wao akatuluka m'kalasi amakatseka chitseko nkuyamba kuchita zomwezo.

M'chipinda chakecho munkakhala zithunzi zingapo nthaŵi imodzi, chilichonse pa choimikira chake, ndipo iye ankakhala pakati nkumaziyang'ana nthaŵi yaitali, kenaka nkudzuka kukawonjeza pang'ono pa chimodzi. Dzina ankapereka chithunzi chitatha, nalilemba m'munsi nkulitseka mzere. Zipangizo zambiri ankapanga yekha, ndipo ankajambula pa chilichonse: chiguduli, nsalu yopyapyala, katoni, nyuzipepala. Njira ina imene adaitulukira njosavuta kuiyesa. Ankapaka pepala utoto wakuda wamafuta, nkulivundikira pa pepala loyera, nkuika chojambula chake pamwamba, kenaka nkulondola mizere ndi singano. Mzere wotuluka pansipo unkakhala wamanyenje, ndipo pamene dzanja lidatsamira pankatsala timadontho takuda. Umu ndimo adapangira Angelus Novus mu 1920 ndi Die Zwitscher-Maschine mu 1922, chithunzi cha timbalame tokhala pa waya wopukusa ndi chigwiriro. Pakati pa 1916 ndi 1925 adampangiranso Felix zidole za m'manja pafupifupi 50, kuchokera ku nsanza, mafupa a ng'ombe, mabatani ndi zinthu zina zotayidwa, ndipo 30 zidapulumuka. Mphunzitsi wodandaula kuti sangaphunzitse zaluso chifukwa sukulu ilibe utoto wa m'sitolo ayambe wayang'ana zimene ana ake omwe amapanga ndi dothi ndi waya popita kwao.

Sukulu itasamukira ku Dessau mu 1925, banja la Klee lidakhala m'nyumba yogundizana ndi ya Kandinsky. Kumapeto kwa 1928 adapita ku Egypt kwa mwezi umodzi, nafika ku Cairo, Luxor ndi Aswan. Minda yogaŵidwa m'mizere m'mbali mwa mtsinje wa Nile idabala chithunzi chake chotchuka cha 1929, Hauptweg und Nebenwege, chosonyeza njira yaikulu ndi tinjira tam'mbali, momwe mizere imagaŵika paŵiri, kenaka panai, kenaka pasanu ndi patatu, monga momwe ankaphunzitsira owomba nsalu. Apa uphunzitsi udadyetsa luso. Komabe m'makalata ake kwa Lily ankadandaula kuti maphunziro, misonkhano ndi mikangano ya pa sukulu zikumdyera nthaŵi, ndiponso Bauhaus idali kupendekera ku zomangamanga ndi zinthu za m'mafakitale, kotero kuti ojambula adayamba kuoneka ngati alendo. Mu 1931 adatula pansi ntchito napita ku sukulu ya zaluso ya ku Düsseldorf, kumene ankaphunzitsa ophunzira ochepa ndipo ankapeza mpata wojambula. Funso lija sadaliyankhe kotheratu. Adangofuna malo amene ntchito ziŵirizo zikadatha kukhalira pamodzi popanda ina kumeza inzake.

Mpatawo udakhala waufupi. Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, nyumba yake ya ku Dessau idasechedwa, nyuzipepala zidamnena kuti ndi Myuda ngakhale sadali, ndipo mu Epulo adaimitsidwa ntchito. Chaka chimenecho adajambula nkhope yakuda mtima yokhala ndi mtanda wofufuta pamutu, naitcha dzina losonyeza munthu wochotsedwa pa mndandanda. Mu Disembala iye ndi Lily adabwerera ku Bern, nakakhala m'kanyumba kakang'ono. Sadaphunzitsenso pa sukulu ina iliyonse. Mu 1937 boma la Germany lidachotsa ntchito zake zoposa 100 m'nyumba za chionetsero, ndipo zina lidazipachika ku Munich pa chionetsero chotchedwa Entartete Kunst, chokonzedwa kuti anthu adzaseke luso limene boma linkati nlowola. Chimene adachilemekeza mu 1912 ndicho adamtukwana nacho, chakuti amajambula ngati mwana kapena wamisala.

Matenda adamyamba mu 1935. Adali nthenda youmitsa khungu ndi ziwalo zam'kati, yotchedwa scleroderma, imene idamvutitsa pomeza chakudya ndipo idamsiyitsa vayolini. Mu 1936 kaundula uja adangolandira ntchito 25. Kenaka mphamvu idabwerera mwa njira ina. Timizere tosalala tija adatisiya, nayamba kujambula ndi mizere yokhuthala yakuda, yonga zilembo za chinenero chosadziŵika, pa chiguduli ndi pa mapepala okulungira katundu, ndi utoto wosakaniza ndi phala lomatira. Adajambulanso ndi pensulo angelo ambiri, ena oiŵalaiŵala, ena osatha bwino kuuluka. Mu 1939, chaka chake chathunthu chomaliza, adalemba m'kaundula ntchito 1,253, kuposa chaka china chilichonse cha moyo wake.

Mu Meyi 1940 adapita kum'mwera kwa Switzerland kukalandira chithandizo, ndipo adamwalira ku Muralto, pafupi ndi Locarno, pa 29 Juni, ali ndi zaka 60. Adali atapempha kuti akhale nzika ya dziko limene adabadwiramo, koma pempholo lidachedwa m'maofesi, kumene ena mwa ofufuza ankakayika ngati munthu wojambula zotere ali bwinobwino m'mutu. Lidali pafupi kuvomerezedwa pamene imfa idamfikira, ndipo adafa ali Mjeremani m'mabuku a boma. Ku Bern, m'chipinda chake, adasiya chithunzi chachikulu cha miphika ndi maluŵa pa tebulo, chopanda dzina ndiponso chosalembedwa m'kaundula.